Miyendo ya Bambo ndi Mchere Wanga

Okondedwa alamu anga a Janeti,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana ku Mzuzuko. Kuno ku Kandeu tilipo, kachewere wachita bwino chaka chino, kungoti bambo anu sakupeza bwino.

Miyendo yawo yatupa moti nsapato sizikulowanso, ndipo akakwera kamtunda kochokera kudimba kaja amapuma mobanika. Nditapita nawo kuchipatala, anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, akuti mtima wayamba kutopa. Anawapatsa mapilitsi akumwa m'mawa uliwonse, n'kundilangiza kuti ndichepetse mchere m'ndiwo.

Nkhani yavuta pamcherepo, alamu. Azakhali anu atangomva anawomba m'manja, amvekere, "Si ndinanena ine? Tsempho ili! Wina akuthira mchere ali wotentha." Inu mukudziwa amene amaphika pakhomo pano, mukudziwanso kuti amuna anga, achimwene anu, ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Zotsalazo sindingathe kuzilemba.

Panopa mapilitsi aja azakhali awabisa, akuwamwetsa mizu. Ine kukhitchini andiletsa, ndiwo akuphika okha, mchere wake wochita kuwawa. Dzulo bambo agona chokhala, akuti akagona chagada mpweya ukuwathawa. Ndili ndi mantha, alamu.

Chonde imbani foni, mawu anu azakhali amawamvera. Za ine musandiikire kumbuyo, muwauze kokha abweze mankhwalawo. Dzina langa lingathe kudikira, koma mtima wa bambo sudikira.

Ndine mlamu wanu,
Enelesi