Mkono wa Jekete Yoyera

Lachitatu, 6 Ogasiti

Magetsi zii kuyambira m'mawa, ndiye makina opalasa ndi mapazi tsiku lonse. Mawondo akuwawa. Ulusi wakweranso mtengo.

Kamphepo wabwera kushopu ndi anzake atatu ataweruka kusukulu. Mwana wa malemu achemwali anga, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chaka chachinayi tsopano ali m'manja mwanga. Sindinamuonepo akuyenda ngati munthu. Potsuka mbale kuvina, pokatenga makala kuvina. Dzinalo ndinamupatsa ndine.

Nkhani yawo: mpikisano wovina nyimbo za ku Korea, Loweruka la sabata yamawa, muholo ya kuseri kwa siteshoni ya basi. Lamulo ndi lakale lomwe lija. Mumasankha gulu, aliyense amatenga malo a woyimba mmodzi, kavinidwe kafanane, zovala zifanane ndi za muvidiyo. Zovala zili ndi malikisi akeake. Ndiye ati ndisoke ndine.

Andionetsa pafoni. Mayo ine! Jekete mkono umodzi, winawo kulibe. Masiketi osapinda m'munsi, ulusi uli lendelende. Jinzi yobooka m'mawondo ngati mwini wake analimbana ndi galu. Ndinafunsa kuti atsikanawa anawabera kapena nyumba inawapsera? Anzake anaseka. Iye ayi. "Mayi aang'ono, ingosokani mmene zililimo, chonde."

Nanga nyimbo yake. Imayamba ngati ya pamaliro, mwadzidzidzi ng'oma, kenako wina kulankhula mothamanga ngati wogulitsa mankhwala a makoswe, basi yatha. Mphindi ziwiri ndi theka. Zigamba zitatu zolumikiza ndi ulusi wosiyana. Ndawauza pamaso, ine sindibisa Chichewa: kuyimba kunatha ndi Asanu anga, gulu la ku Korea la pautsikana wanga.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Wamafoni wa khomo loyandikana ndi shopu yanga wandiikira nyimbo za Asanu anga mukamemori katsopano. Akuti, "Amake telala, amuna anuwa pano ali ndi mimba ndi dazi, muwasiye apume." Ndamuuza kuti dazi lake lomwelo silinayimbepo ngakhale kukwaya.

Ana a lero sangamvetse. Ife tinkadikira mwezi wathunthu kuti DVD imodzi ifike kwa wamavidiyo, yokandika kale, ikamafika pokoma n'kuima. Anyamata asanu, masuti oyera, kuima chilili n'kuyimba ndi pakamwa pawo, mawu asanu kulukana ngati chingwe. Wina akakweza mawu, msana kuchita tsembwe. Zilembo za Chikoreya ndinadziphunzitsa ndekha m'kope la masamu kuti ndiziyimba nawo. Kusoka chimodzimodzi, palibe anandigwira dzanja. Ndinkamasula malaya akale ndi lezala kuti ndione mmene analumikizira.

Kamphepo pa chakudya chamadzulo: akuti mavidiyo anga ndi a chifunga ngati anajambulira m'bafa, tsitsi la anyamatawo ngati nkhuku yovumbwa, kavinidwe ngati mafizo a kupulayimale. Akuti akewo amavina uku akuyimba, amalemba okha nyimbo, ndipo mmodzi anavina ndi bondo lothyoka. Ndinati kuvina ndi bondo lothyoka si luso, ndi kupanda makolo. Tinaseka tonse. Ndilembe zimenezo, kuti tinaseka.

Anatulutsanso jekete yoyera ija m'sutikesi n'kuiyesa pagalasi. Ya amayi ake. Chovala changa choyamba kusoka, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuimitsa DVD kambirimbiri kuti ndione kolala. Phewa lina n'lokwera. Achemwali anaivala mpaka kolalayo inachita chikasu. Ndamuuza aibweze, si yoseweretsa.

Lolemba, 11 Ogasiti

Atsikana anabweretsa zovala za pakaunjika Loweruka, zoti ndidule. Ndinadula. Mkono wa jekete pansi, masiketi ndi sizasi mosapinda, mawondo a jinzi ndinakwecha ndi lezala. Dzanja limachita kukana.

Ndinazipachika pakhomo kuti fumbi la choko lichoke. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo. Anabwera mayi a madiresi a kwaya aja, kasitomala wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, oda yawo ndi imene imandilipirira shopu. Anagwira siketi ndi zala ziwiri ngati agwira khoswe wakufa. "Amake telala, maso ayamba kuvuta kodi? Munene, tipeze wina."

Ine? Ine amene msoko wanga umatha nsalu itang'ambika kale? Mutu unatentha. Atangotuluka ndinakhala pamakina. Masiketi onse atatu ndapinda, mpendero wowongoka ngati wa yunifolomu. Mawondo a jinzi ndatseka ndi zigamba zamkati, sungaone n'komwe. Mkono ndaubwezera pamalo pake. Ndasita zonse ndi simbi yamakala. Zakongola, nditero. Ana a anthu akaoneke ngati ali ndi kwawo.

Akandithokoza.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Sanandithokoze.

Anabwera kudzayesa. Kaputeni, mtsogoleri wawo wamtali uja, anatambasula siketi n'kungoti kukamwa yasa. Wina anayamba kulira. Akuti oweruza amaika vidiyo pambali n'kumafananiza, akuti miyezi itatu akuyeserera kuseri kwa kalasi, akuti tsopano akaoneka ngati akupita kukafunsira ntchito kubanki. Kamphepo sanalire. Anangoti, pamaso pa anzake, m'shopu yanga, "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Inu simumva munthu, mumangomva nyimbo zanu za anthu okalamba."

Mtima wanga wapachalawu. Ndinaima. Ndinati nsanza sizituluka pakhomo pano ndi dzina langa. Ndinati nyimbo zakezo ndi phokoso la mabeseni. Zikanathera pomwepo bwenzi lero tikuseka. Koma ndinapitiriza. Ndinati amayi ako ankadziwa nyimbo, akanakhala moyo akanachita nawe manyazi.

Wamafoni anazimitsa wailesi yake.

Anandiyang'ana ndi maso a achemwali enieniwo. Anatola chikwama chake. Zovala anazisiya pathebulo.

Ndimanyadira kuti ine ndimalankhula zoona. Koma izi sizinali zoona n'komwe.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Usiku wachiwiri bedi lake lili loyala.

Ali kwa bambo ake. Alamu anga anaimba foni dzulo, mawu ofewa ngati batala, munthu amene zaka zinayi sanagulepo ngakhale sokosi. Akuti mwana wafika bwino, mayi ake omupeza amulandira, ndipo poti zafika apa, Lolemba apita kusukulu kukatenga kalata yomusamutsa. "Mwayesetsa, alamu, koma mwana amafuna pamalo pofatsa." Ndinafuna kuwatukwana. Ndinameza malovu. Koyamba m'moyo wanga, ndipo pamalo polakwika.

Sakuyankha mauthenga. Timizere tiwiri tabuluu tosonyeza kuti wawerenga, basi.

Yunifolomu watenga, mabuku watenga. Zithunzi za atsikana ake pakhoma wasiya, kamtsuko ka mafuta a tsitsi wasiya. Sutikesi ndinaipeza yotsegula. Jekete yoyera palibe.

Ndasoka mabatani a kwaya mbali yolakwika, madiresi anayi. Kumasula.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndadzuka ndi mawu a malemu bambo m'khutu. Tsiku limene achemwali anavala jekete ija koyamba, bambo anali pakhonde akukonza njinga. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine. "Nsalu yabwinobwino mwaisandutsa ya amisala. Nyimbo za anthu osamva chinenero chawo, mukudziwa ngati akukutukwanani?" Ndinalira kuseri kwa nyumba. Achemwali anaivala dala sabata yonse, mpaka kumsika, n'kumauza aliyense kuti wasoka ndi mng'ono wanga.

Ndipo ndikumbuke bwino, ndisadzinamize. Asanu aja achemwali anawasiya kalekale. Gulu latsopano likangotuluka, iwo patsogolo. Ndinkawatcha wachiwembu. M'chipatala muja, mwezi womaliza, foni inali pamtsamiro, Kamphepo ali pambali, chomvera chimodzi khutu la mayi, china khutu la mwana. Sizinali nyimbo zanga zimene ankamvera. Ndinaziona ndi maso angawa. Lachiwiri ndinaziiwalira kuti?

Amene anaima malo amodzi ngati DVD yokandika ndine.

Sindinatsegulire makasitomala m'mawa. Ndinapempha Wamafoni andiikire vidiyo ya atsikana aja pafoni yaikulu, aiimitse pamene ndanena. Anati, "Mwatembenuka mtima?" Ndinati khala chete, imitsa apo. Kuimitsa, kuyang'ana, kuimitsa, monga kale. Ndipo taonani: kung'ambika kuja si kwachisawawa. Pamwamba pa ulusi wolendewerawo pali msoko wobisika woti nsalu isapitirire kuyoyoka. Phewa lopanda mkono lili ndi kansalu kolimbitsa mkati. Telala wake amadziwa ntchito, ndimuvulire chipewa. Ine ndinangoona nsanza chifukwa ndinafuna kuona nsanza.

Lezala latsopano. Mipendero yonse ndamasula, zigamba ndachotsa, mkono pansi kachiwiri. Ulusi ndaukoka umodziumodzi ndi singano mpaka zafanana. Maola asanu kuwononga ntchito ya maola atatu. Chala chachekeka.

Ndakapereka kwa Kaputeni, amayi ake amagulitsa zipatso pafupi ndi chipatala. Analandira ndi manja awiri, maso pansi. "Zikomo, anti. Koma Kamphepo wanena kuti jekete yanu savala."

Madzi akatayika sawoleka. Ndabwerera nayo m'jumbo.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndinapita. Palibe anandiitana.

Holo yodzaza, kutentha, ana okhaokha, timagetsi tam'manja tamitundumitundu. Ife tinkanyamula mabaluni. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko ndi jumbo yanga, mlonda anandifunsa ngati ndabwera kudzatenga mwana. Ndinati eya. Sindinaname kwenikweni.

Chinthu chimodzi sichinasinthe. Nyimbo isanayambe onse amafuula mayina a oyimba motsatana, mwa kamvekedwe kake, osaphonya. Mayina ena, koma kafuulidwe komwe kaja.

Iwo anali achisanu ndi chiwiri. Masiketi anga anagwa bwino, jinzi inagwa bwino. Kenako Kamphepo, pakati.

Jekete yoyera. Ya amayi ake. Mkono wakumanzere kulibe.

Wadula yekha, mwina ndi sizasi yakukhitchini, mokhota, nsalu yamkati ikuonekera. Magazi anakwera kumutu. Chovala changa choyamba, chinthu chokhacho chotsala chimene chili ndi fungo la achemwali! Ndinayenda masitepe atatu kulowera kutsogolo, pakamwa patatseguka kale. Mulungu yekha ndiye anandigwira.

Chifukwa anayamba kuvina. Phewa lokwera lija, cholakwa changa cha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, limakwera ndi kutsika ndi ng'oma. Pakati pa nyimbo, pamene ndinkati zigamba sizikugwirizana, zonse zimadukiza, mtsikana mmodzi amayimba yekha mizere iwiri. Kamphepo anaima phee, dzanja la mbali imene jekete ilibe mkono lili m'mwamba, milomo ikutsatira mawu. Mawuwo ndinawamva, Chikoreya changa cha m'kope la masamu chinakwana. Akuti usandikonze, ndione. Masabata onsewa nyimboyi ikulira m'nyumba mwanga, sindinatchere khutu ngakhale kamodzi.

Atenga nambala yachitatu. Oweruza anachotsa malikisi poti jekete ya muvidiyo ndi yakuda. Iye ankadziwa zimenezo.

Panja anandiona. Alamu anali atamudikira ndi galimoto yobwereka. Ndinali ndi mawu okonzeka kuyambira dzulo, ine amene mawu sandisowa. Chimene chinatuluka: "Wadula mokhota."

Anati, "Ndikudziwa." Analowa m'galimoto.

Pakamwa panga, pakamwa panga.

Lolemba, 18 Ogasiti

Dzulo ndinalemba uthenga kasanu, kufufuta kasanu. Wachisanu ndi chimodzi ndinatumiza usanazizire. Ndinati ndinanama Lachiwiri. Amayi ako akanakhala kutsogolo kwenikweni, akufuula kuposa ana onse aja, ndipo mkonowo akanakugwirira okha kuti udule bwino. Ndinati pepa. Liwu limeneli ndinaliyang'ana nthawi yaitali, silinazolowere foni yanga.

Timizere tabuluu. Yankho ayi.

Lero ndi tsiku la kalata yakusukulu. Potsegula shopu Wamafoni anandipatsa jumbo yakuda, akuti mwana anadutsa m'mamawa atavala yunifolomu. Sanafunse za ine. Anangoti mukawapatse.

Mkati jekete, ndi mkono wake wopindidwa pawokha. Kapepala kondilembera mawu palibe. Ndakutumula kawiri.

Sindikudziwa tanthauzo lake. Kapena akuti tengani zanu, tathana. Kapena akuti lumikizani. Ndinalowetsa ulusi woyera m'singano, ndinayala mkono paphewa, unakwana ndithu, theka la ola ikanabwerera mwakale. Phazi linali kale pachopondera.

Ndachotsa phazi. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo ulendo uno sanapemphe kalikonse.

Sindinasoke. Sindinawongole ngakhale podula mokhota paja, ngakhale zala zikuyabwa. Jekete ili pahang'ala mmene anaisiyira, mkono uli m'dirowa. Akabwera anene yekha, ine ndimve.

Wamafoni akuti alamu sanawaone akudutsa, koma msewu wakusukulu si umodzi. Ndamuuza aike nyimbo ija pasipika, akweze. Akuti, "Ya mabeseni ija?" Ndati yomweyo. Yalira kanayi tsopano. Poyamba pake sindikupakondabe, ndisaname.

Folo koloko yadutsa. Ana a yunifolomu ayamba kudutsa pamsewu, awiriawiri. Pali wina waima patsidya pafupi ndi wogulitsa nthochi, chikwama paphewa limodzi, sakuwoloka, koma phazi lake likugunda pansi motsatira ng'oma, ndipo ine ndikapitiriza kulemba apa ndiye kuti