Mfundo pa Mawaya a Galimoto ya a Elifala

Lolemba, 10 Ogasiti 1992

A Elifala, mkulu wa mpingo wathu, atiitana ku esiteti kwawo ku Malomo, ine ndi mnzanga Agustino. Galimoto yawo ya ku Joni ija yafa. Kabokosi kolamula injini kanapsa, mwana wawo watumiza kena ka kampani ina, kofunika kuika masensa ndi mawaya atsopano. Akuti woidzutsa ndiye akhale makaniko wa pa esiteti, nyumba ya malata pomwepo. Agustino akuti, "Achimwene, izi n'zanu, ine zamagetsi ayi. Ndizikugwirirani waya." Zaka naini tikugwira ntchito limodzi, ndimkanize bwanji?

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Kupusa kwanga! Khadi la chipani ndinaliiwala m'jekete, anditsitsa basi ya ku Lilongwe, komwe ndimakagula mawaya. Mawaya amitundumitundu ndiye ndawaphonya. Pa Boma ndapeza mpukutu umodzi, wofiira wokhawokha.

Ndiye ndizindikira ndi mfundo. Waya wa sensa ya kutentha kwa madzi, mfundo imodzi nsonga zonse ziwiri. Wa sensa yowerenga kuzungulira kwa injini, ziwiri. Wa mpweya, zitatu, mpaka zisanu ndi ziwiri. Ine kuwerenga papepala la kabokosi losonyeza polumikiza mawaya, Agustino kumanga. Mayi a kunyumba, Rakele, akuseka kuti tikusoka fodya.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Tsiku lonse chagada pansi pa galimoto, msana ukuchita kuyaka. Sensa ya kuzungulira inavuta, ndachita kusula kachitsulo kogwirira, mpata wake ndayeza ndi chikuto cha kope. Mawaya ndawakulunga ndi mphira wa chubu kuti asapse ndi ekizozi. Kwatsala wa ku batire basi. Mawa ilira. Rakele wayamba kale kumanga katundu, akufunsa ngati nyumba ija ili ndi khitchini.

Lachisanu, 14 Ogasiti

Ndafika m'mawa, boneti ili yasa, a Elifala aima patali ngati muli njoka. "A Andireya, mfundo izi n'zachiyani? Mukundimangira galimoto kuti ndikafere pamtsetse?" Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Ndafotokoza zonse, ndati funsani Agustino, wamanga ndi manja ake.

Agustino maso pansi. "Ine ndimangouzidwa kuti manga. Tanthauzo lake sindilidziwa, bambo. Mtima sumandipatsa mtendere, n'chifukwa chake ndinabwera kudzakuuzani."

Ha! Kani anapita yekha kukanena! A Elifala andiuza ndisapondenso pa esiteti. Pepala la kabokosi lili m'thumba mwangamu, tiona adzaidzutsa ndani.

Lamulungu, 16 Ogasiti

M'tchalitchi benchi yonse ndekha ndi Rakele. Dzina langa laitanidwa kubwalo la akulu a mpingo. Agustino kukwaya, kuimba mokweza kuposa onse. Zandipweteka, Mulungu akudziwa. Munthu ndinamuperekeza ine pokafunsira mbeta ameneyu.

Lachitatu, 19 Ogasiti

Ndamva kuti mfundo zonse azimasula, apemphererapo. Mawaya ofiira asanu ndi awiri ofanana ngati nyemba. Ndauza Rakele asalire, abwera okha kudzandigwadira. Mwina Agustino anangochita mantha, sadziwa kanthu. Ndikufuna zikhale choncho.

Loweruka, 22 Ogasiti

Ndinali pa Boma, kumsika. Ndamva injini ikukwera chitunda, yosalala, osatsokomola n'kamodzi komwe. Galimoto ya a Elifala. Woyendetsa Agustino, ovolosi yatsopano.

Waima, watsegula boneti kuti anthu aone. Nanenso ndasuzumira. Pomwe panali mfundo wapaka timizere ta penti yoyera. Wa madzi, kamodzi. Wa kuzungulira, tiwiri. Wa mpweya, titatu. Ndawerenga onse asanu ndi awiri, sanaphonye ngakhale mmodzi, popanda pepala.

Wandiona. "Achimwene, mwaswera bwanji?"

Anthu onse atembenukira kwa ine. Ndatulutsa pepala lija, ndamuikira m'thumba la ovolosi, ndapita kukauza Rakele amasule katundu amene anamanga.