Maondo a Keziah

Lolemba, 6 Epulo 1959. Masana, dzuwa litapendeka.

Ndakhala pansi kulemba chifukwa ndikatsegula pakamwa ndiluma munthu. Kulemba kwanga ndi kwa kalasi ya amai a mpingo, mizele yokhota ngati yalimidwa ndi ng'ombe yosaphunzitsa. Palibe kanthu. Wowelenga ndine ndemwe.

Kunabwela mlendo. A Misitilesi Consolata Daka, aphunzitsi a mdzukulu wanga Keziah ku sukulu ya mishoni. Panjinga, mkazi wathunthu. Anandipeza ndikuthothola nsawa pakhonde.

Nkhani yake nayi. Keziah ali Sitandade 6, samu palibe womuposa, ngakhale anyamata. Mwezi wa mawa kubwela anthu a ku koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata, adzakhala pa Boma ku Petauke kusankha atsikana. Mayeso a papepala okha sakwana, afuna kumuona munthu ndi kumufunsa pakamwa. Ati vuto lili pamenepo. Sabata yatha kunabwela woyendela masukulu, anamufunsa Keziah funso. Mwana anatsika pa benchi, nagwada, maso pansi, mawu ngati udzudzu. Bamboyo anapitilila kwa wina, kuyesa sadziwa.

Ndiye andifunsa ine, pakhomo panga: "Ambuya, anamuphunzitsa zimenezi ndani?"

Ndani! Ine. Namkungwi wa dela lino ndine. Atsikana a kuno kwa Nyimba apita m'manja mwanga, ndipo palibe mmodzi anabwezedwa ku ukwati chifukwa cha mwano. Ndinawauza kuti ayambe abeleka wawo ndiye adzandiuze za kulela. Anaseka. Anadya nsawa zanga napita. Bola akanakwiya.

Lachinayi, 9 Epulo.

Keziah ndalela ndine chimwalilile amake. Atate ake ku migodi ya ku Wanki, zii mpaka lelo.

Mailo tikuswa nsawa ndinamufunsa za koleji. Ati, "Ambuya, kumeneko kupita ana a makalaliki ndi a abusa. Ine ndikatani?" Ndinati ana a makalaliki ali ndi mitu iwiliiwili? Koma ndinamuona akulemba manambala padothi ndi khoko la nsawa, kenako kufufuta ndi phazi.

Madzulo kunabwela Febian, mwana wanga, malume ake. Nkhani yake ndi Edmond, uja anabwela ku migodi ndi galamafoni ndi nsapato zolila. Ati wamufunsila kale Keziah ukwati. Ati sukulu yakwana, mtsikana akadziwa kulemba kalata basi. Edmond si munthu woipa. Kungoti amaseka nkhani yake asanaimalize, ndipo nyimbo ya m'galamafonimo ndi imodzimodzi, ngakhale mbuzi zaiiloweza.

Lachiwili, 14 Epulo.

Ndinapita kusukulu. Osati kukapepesa. Kukaona.

Ana akaweluka, a Daka amatenga atsikana a Sitandade 6 pansi pa mango. Za m'buku ayi. Amawaimika mmodzimmodzi, anene dzina lake ndi chimene adzakhale. Wina nesi. Wina ati kalaliki wa pa positi, anzake kuseka, a Daka kuwatseka pakamwa ndi diso lokha. Anawauza kuti iwo kwawo ndi ku Sandwe, nsapato anayamba kuvala ali ndi mabele kale, popita kusukulu ankawoloka mtsinje buku lili pamutu. Ine ndinkayesa mwana wa m'tauni.

Itafika nthawi ya Keziah anaimilila bwinobwino. Kenako anandiona kuseli kwa mtengo. Pansi! Fumbi kobo.

Atsikana atapita, a Daka anandiuza mawu amene akundiyendabe m'mutu. "Ndamuuza kambilimbili kuti angathe. Mawu anga amathela m'khutu. Anu ali m'maondo mwake, ine sindingawachotsemo."

Ine sindinalakwe kanthu. Ndinamukonzela zokakhala ndi apongozi, ndipo pamenepo anakhoza. Kungoti anthu a ku koleji si apongozi. Ndiye kuti mwambo unatsala umodzi. Namkungwi sasiya namwali wake ndi mwambo wopelewela, anzako angakuseke.

Loweluka, 18 Epulo.

Ndamulowetsanso m'nyumba. Monga chinamwali, chitseko chotseka, amuna kutali. Namwali sitimulanga ndi pakamwa pokha. Timachita iye akuona, abweleze, abwelezenso, mpaka thupi ligwile lokha.

Ine ndinali dona wa ku koleji. Ufa kumaso, magalasi a mapesi, mtondo wovundikila ndiye tebulo. Mnzanga Agness anali bwana wachikuda, chipewa cha malemu amuna anga chikumugwela m'maso. A Daka pakona ndi mafunso achizungu. Ine kumangogwedeza mutu, yesi, yesi, gudu.

Keziah analowa, nagwada. Tuluka. Analowanso, nagwada. Tuluka iwe, dona alibe nthawi! Agness ati timumange nsungwi m'miyendo. Kenako analowa, kukweza maso pang'ono, kuona nkhope yanga thukuta litalemba mizele pa ufa. Anaphulika nako kuseka mpaka misozi. Kuseka akundiyang'ana m'maso. Chibadwile sanachitepo. Agness nthungululu. Ine ndinatembenuka ngati ndikupukuta ufa.

Maso ake ndi a amake. Zaka zonsezi ndimangoona pamutu pake.

Lachitatu, 29 Epulo.

Tikupitiliza Loweluka lililonse. Tsopano akukhala pampando osagwila m'mphepete. Mawu akumveka mpaka pankhokwe. Ndamuuza kuti maso akalemela aziyang'ana mphuno ya munthuyo, mphuno siopsa. A Daka ati aiba nzelu imeneyi. Ibani, ndinati, ndili nazo zambili.

Iwonso ali ndi zawo. Akumupatsa Keziah ana a Sitandade 1 awaphunzitse kuwelenga manambala masana. Ati munthu sangakhulupilile kuti ndi mphunzitsi asanamve ana akumuyankha. Mailo Keziah anabwela choko mpaka m'tsitsi, akuyenda ngati njila ndi yake.

Mudzi wamva. Ati namkungwi wapenga, akuphunzitsa ana kutuzulila akulu maso. Mwana wa a Mumba watha msinkhu, amupititsa kwa namkungwi wa kutsidya, uja sadziwa n'kumenya ng'oma komwe. Zandiwawa, ndisaname. Amake a mwanayo ndinawalanga ndine.

Febian anabwela kudzandizazila. Ati ndikuononga mwana, adzamufuna ndani. Ndinamukumbutsa kuti iye akapita ku misonkhano yokana Chitaganya amafuula mpaka kusasa mawu kuti munthu wakuda aimilile pamaso pa mzungu. Ndinati, oimililawo ndi amuna okha? Ati zimenezo ndi zina. Mwana ameneyu ndinamuyamwitsa nthawi yaitali kwambili.

Tapangana chonchi. Keziah akalephela, ukwati chilimwe chino. Akakhoza, Febian atseke pakamwa. Ndinavomela mokweza. Keziah anamva zonse ali kuseli kwa nyumba.

Lachitatu, 13 Meyi.

Mailo tinali ku Petauke. Pa lole ya mmwenye, fumbi mpaka m'mano. Dilesi tinasita ndi nsimbi ya a Daka, tinaikulunga m'chitenje, anavala titafika.

Atsikana ambili, ena masokosi oyela mbee. Keziah ataona masokosi anayamba kubisa mapazi pansi pa benchi. A Daka anamugwila phewa, ati, "Safunsa mapazi muno."

Ine anandiletsa kulowa. Ndinakhala pakhonde pafupi ndi zenela ngati wotopa. Mesenjala anabwela kudzandichotsa, ndinasanduka wogontha.

M'kati munali dona ndi bwana wachikuda, monga m'sewelo lathu, koma panali chimene sitinakonzele. Bwana wachikuda uja sanali Agness. Anali bambo wachikulile, imvi mbuu, nkhope yodekha ngati mkulu wa mpingo. Kwa dona mwana akanalimba. Koma imvi za kwathu! Ndinasuzumila. Keziah ali chigwadile pa simenti, akuomba m'manja. Ndinachita kuimva galamafoni ija.

Anapeleka moni mpaka kumaliza. Kenako anadzuka. Yekha, wopanda womuuza. Anakhala pampando, maso pa mphuno ya dona. Dona anafunsa kanthu, iye anayankha, mawu kufika mpaka pamene ndinali. Chizungu sindimva, koma sindinachimve chikupunthwa. Bambo aja anamufunsa m'chinyanja chifukwa chake afuna uphunzitsi. Ati, "Kwathu atsikana amathela Sitandade 2, bambo. Si opusa ayi. Palibe amene amawafunsa kachiwili."

Atatuluka ndinamufunsa kuti dona anati chiyani poyamba paja. Ati anafunsa chifukwa chake wagwada. Nanga iwe unati bwanji? "Ndinati ndimapeleka moni kwa akulu, ndamaliza, tsopano mundifunse."

Ine ndinafuna kuvina pompo. A Daka nkhope inali yolemela. Ati sitidziwa kuti dona waziona bwanji zogwadazo.

Lolemba, 1 Juni.

Ku koleji zii. Mayeso a papepala analemba, ati sanali ovuta. Sukulu atseka. Chisanu chayamba, bondo langa lakumanzele likudandaula. Keziah m'munda kukolola chimanga, mawu ochepa.

Loweluka, 20 Juni.

Zii.

Edmond wayamba kudula mitengo ya nyumba, akuunjika kuseli kwa khola langa ngati zatheka kale. Amandipatsa moni wa apongozi. Ine ndimamuyankha wa mlendo wodutsa.

Febian anabwela ndi dengu la mapila, ati tiviike, chimela cha mowa wa ukwati chisachedwe. Ndisanatsegule pakamwa Keziah anabwela nagwada pamaso pake, monga ayenela, koma maso ali pa iye. Ati, "Malume, yankho lisanabwele musaviike. Munalonjeza." Febian anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana kumwamba, kunali kabawi. Dengu anabwelela nalo.

Koma lelo m'mawa ndinamupeza Keziah kumtsinje, mtsuko uli pambali, akulila. Ati ambuya ndinagwada, ndaononga zonse. Ndinati ngati akukana chifukwa chopatsa moni munthu wamkulu, koleji imeneyo ndi ya mbuzi. Ndinanena molimba. M'kati sindinali wolimba. Ndikamupeleka kwa Edmond tsopano, ndikupeleka munthu amene waona kale kumene akanapita. Ndipo wamuonetsa ndine.

A Daka anadutsa masana. Anamubweletsela buku lachizungu, ati aziwelenga tsiku lililonse chifukwa ku koleji sadikila munthu. Amalankhula ngati malo alipo kale. Sindidziwa ngati akudziwa kanthu kapena ndi mmene amagwilila ntchito yawo.

Lachinayi, 9 Julayi.

Amutenga!

A Daka anatulukila kudambo akukankha njinga, tayala litaphulika, duku lili m'manja, akukuwa ngati kwagwa moto. Aphunzitsi athunthu! Keziah anali akusinja. Munsi unagwa, nkhuku zinadya mphale mmene zinafunila, palibe anaziingitsa.

Ndaimba nthungululu mpaka mawu atha. Ndinapita kukauza Agness, ndinadzela pakhomo pa a Mumba ngakhale si njila. Pobwela ndinadzelanso pomwepo.

Febian anamva nkhaniyi ali pa chitsa. Kenako anadzuka nakagwila tambala wake wamkulu uja. Pakudya ati iye ankadziwa kale kuti mwanayu ndi wa sukulu, watengela kwa malume ake. Ndinamusiya. Tambala anali wonona.

Edmond anabwela madzulo kudzatuta mitengo yake. Anamugwila Keziah chanza, ati zikomo aphunzitsi. Apo ndinamulemekeza. Ndinamupatsa ntchafu.

A Daka ndinawapatsa nkhuku yoyela, monga timapatsila namkungwi namwali akatuluka. Anakana, ati iwo angogwila ntchito yawo. Ndinaimangilila pa njinga. Anaona mwa mdzukulu wanga chimene ine, wogona naye nyumba imodzi, ndinali ndisanachione. Zimenezi sindinawauze. Angatupe.

Lolemba, 10 Ogasiti. M'mawa.

Wapita Loweluka. Tinamupelekeza pa Nyimba, sutikesi ya malata pamutu pa Febian, sanalole wina ainyamule. Ndinamukazingila nsawa. Ndinamuuza zambili panjila, sindikumbuka n'chimodzi chomwe.

Basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pazenela nakuwa, "Ambuya! Muzidya!" Msika wonse unatembenuka. Amai wina wogulitsa nthochi anafunsa kuti mwana waphokoso ameneyu ndi wa yani. Ndinati wanga. Akupita ku koleji. Ndinauzanso wina amene sanafunse.

M'nyumba muli zii. Madzi ndatunga ndekha, theka la mtsuko. Ndinaphika za anthu awili mwachizolowezi.

Izi ndimati ndi zanga ndekha, koma ndasintha maganizo. A Daka, mukadutsa muzitenge. Pamene ndakunenani musadandaulepo, zinali zoona tsiku limenelo. Mukawelenga mukapeleke ku Luembe kwa a Rabecca, namkungwi wa kumeneko. Ndamva mwezi uno akulowetsa anamwali, ndipo ena mwa iwo ndi a sukulu. Mayiwo sadziwa kuwelenga, ndipo ndi ouma mutu kuposa ine. Muwawelengele mokweza, asanatseke chitseko.