Bulubuku ikutchulabe ine

Lachinayi madzulo, ku Nsanama. Lero mtima wanga sunakhale pansi.

Masana apolisi anandiimbira foni. Akuti galimoto yanga yagunda wa kabaza pa Phalula, munthuyo wathyoka mwendo, woyendetsa wathawa. Ndinati, "Iyayi bwana, imeneyo ndinagulitsa chaka chatha." Iwo anati, "Bambo, bulubuku ya galimotoyi ikutchula inu. Mubwere mawa ku Balaka."

Ndinagulitsa kwa Che Saidi, anzanga a kumzikiti. Titatuluka ku swala ya Ijuma, mapemphero athu a Lachisanu, tinagwirana chanza, ine n'kupereka makiyi, basi. Za kusintha umwini anati, "Tidzapitira limodzi, Insha Allah." Ndinaona ngati kupempha kalata n'kunyoza munthu amene timaswali mzere umodzi.

Ndawaimbira. Akuti iwonso anagulitsa kwa mkulu wina wa ku Ulongwe. Dzina lake salidziwa, amangomuti Adalaivala.

Ndiye mawa ndikaonetsa chiyani, chanza?

Mayi a kunyumba anandiuza tsiku lomwe lija kuti tilemberane, ine ndinawaseka. Lero sanandikumbutse. Angosita malaya anga oyera, n'kupinda bulangete m'chikwama. Sindinawafunse kuti bulangetelo n'lachiyani.