Galimoto ya achimwene ikufera pakhomo pa amalume

Aphungu,

Achimwene anga a Vinsenti adabwera kuchokera ku Joni chaka chatha ndi galimoto yofiira, yaliwiro, ya injini yamphamvu ija amati tebo. Tsiku lomwe idafika, amalume athu a Dominiko adaizungulira, kusuzumira kunsi, n'kunena kuti, "Mphwanga, yokongola ndithu, koma misewu yathu ino sichedwa kuidya." Tonse tidaseka. Lero mawu amenewo ndiwo awapachika.

Itatha Pasaka galimoto idayamba kutsokomola. A Alexio, amene amakonza njinga za kabaza ndi mapikapu a fodya pamsika pathu, adati mapulagi atha. Adachotsa imodzi, kupita nayo ku Mponela, n'kukagula ena poyerekeza ndi maso monga timachitira kuno. "Mazinga akalowa ndi yomweyo, pulagi ndi pulagi," adatero.

Pachidikha imayenda bwinobwino. Koma ikayamba chitunda chofikira kwathu, achimwene n'kuponda moto, injini imalira ngati misomali m'chitini, mphamvu n'kutha, n'kukazima pamwamba. Pamwamba pomwepo ndi pamene pali nyumba ya amalume.

Yafera pamenepo kangapo. A Alexio amapeza nsonga za mapulagi zitayera mbuu, amakwecha ndi sandipepa n'kubwezera. Kenako adakweza manja: "Izi si za sipanala, n'zakumudzi." Achimwene adapita kwa sing'anga ku Ntchisi, yemwe adati galimoto idamangidwa mwamatsenga ndi wachibale wamwamuna wokhala pamtunda.

Tsopano amalume palibe akuwalonjera. Kumphakati anthu amasuntha pabenchi. Chigafa chawo chapsa ndi fodya yemwe, palibe adabwera ndi ndowa. Anyamata akuti galimoto ikaferanso pamenepo, nyumba itsatira. Loweruka lino achimwene anyamula akwati paukwati wa mnzawo, ndipo njira ndi yomweyo.

Amalumewa ndiwo adatilera mayi atamwalira. Dzulo ndidawapeza akulongedza zovala m'thumba la feteleza. Adandiyang'ana n'kuti, "Ndi maondo awa, ndilowera kuti?" Aphungu, kodi kanthu kakang'ono ngati pulagi kangachitedi zonsezi? Nanga nditani?

A.M., Nachisaka, Dowa

A A.M.,

Kangachite, ndipo mwandifotokozera kale umboni wonse. Za sing'anga tisachedwe nazo: ku Dowa ndi ku Ntchisi munthu wosakhala pamtunda ndi uti?

Mapulagi amasiyana katenthedwe ngakhale mazinga atafanana. Ena amasunga kutentha kunsonga, ndiwo oyenera injini zofatsa ngati za mapikapu akale. Ena amataya kutentha msanga, ndiwo amene injini ya tebo imafuna chifukwa mkati mwake mumayaka moto waukali. Mukaika pulagi yosunga kutentha mu tebo, pachidikha simudziwa kanthu. Pachitunda, dalaivala akaponda, nsonga imafiira ngati khala n'kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Misomali mukuimvayo ndi imeneyo, ndipo nsonga zoyera zija ndi chipsera chake. Galimotoyo ikufera pomwe chitunda chathera. Amalume anu cholakwa chawo n'kumanga nyumba pamenepo.

Choyamba, galimoto isakwerenso chitundacho, ndi akwati kapena yopanda akwati. Kulira kumeneko kumaboola pisitoni. Muwauze zimenezi a Vinsenti, pakuti munthu amene samvera chisoni malume wake angamvereko chisoni injini yake. Akwati akwere pikapu, ukwati sulephereka.

Kenako akagule mapulagi oyenera. Asatenge yakale m'thumba. Atenge nambala ya injini ndi buku la galimoto ngati lilipo, apite kusitolo yodalirika ya zipangizo ku Lilongwe, wogulitsa ayang'ane nambala yomwe opanga adalamula. Asaweruze ndi manambala apabokosi okha, chifukwa kampani ina nambala yaikulu ndiyo yozizira, ina n'zosemphana. Kutalika kwa mazinga kufanane ndendende. Kampata ka kunsonga komwe moto umalumpha kakhale kofupika monga buku likunenera, popeza tebo imazimitsa moto wolumpha patali. Zambiri mwa galimoto zotere zimafuna mapulagi a iridiyamu, a nsonga yopyapyala ngati singano, ndipo amenewa sakwechedwa ndi sandipepa. Mabokosi onyezimira otchipa modabwitsa awasiye, achinyengo adzadza m'misika. Asinthe onse pamodzi injini itazizira, makaniko wodziwa tebo ayezenso ngati pisitoni sinavulale kale. Petulo wa m'zigubu amusiyenso.

Koma apa ndipo muchenjere. Mukakonza mwakachetechete galimoto n'kukwera bwino, mudzi sudzati anali mapulagi. Udzati mkulu uja wachita mantha, wamasula. Pamenepo ndiye mwatsimikizira mlandu. Choncho ntchitoyi ichitike masana, anthu akuona. Itanani akatekisiti ndi akuluakulu a mphakati. Ikani pulagi yakale ndi yatsopano pambalimbali, onse aone nsonga zopsazo. A Alexio akhalepo. Musawanyoze, koma anene ndi pakamwa pawo kuti adayerekeza ndi maso. Mawu oti "n'zakumudzi" adatuluka mwa iwo, ayenera kubwerera momwemo. Makaniko ambiri ufiti amauona pomwe nzeru zawo zathera.

Zonsezi zisanachitike, amalume achoke kaye. Apititseni kwa wachibale wakutali kapena mukapemphe malo kuparishi, lero osati Lachisanu. Za chigafa ndi zoopseza za anyamatawo mukanene kupolisi. Kunenera munthu ufiti ndi mlandu m'dziko muno, ndipo achimwene anu adziwe kuti nyumba ikapsa, dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala lawo.

Sindikulonjezani kuti mudzi upepesa. Anthu amene adaonerera chigafa chikupsa sakonda kukumbutsidwa. Koma musadikire kuti muone ngati Loweruka iferanso. Pisitoni ikabooka, a Vinsenti akaitanitsa ina ku Joni. Thumba la feteleza lija mukanyamule ndinu.

Aphungu