Lipenga Lija Landiika Pakona

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kupola.

Lipenga munanditumizira lija linafika, zikomo kwambiri. Koma achimwene, mwandiika m'mavuto. Ine ndinkayesa n'chimodzimodzi badza lachipanda lomwe ndinkaliza kumganda, longong'ung'udziramo basi. Nditalowa m'chigafa kukaliyesa, ndinang'ung'udza mpaka thukuta, koma zii. Nditauzira mwamphamvu, linalira ngati ng'ombe yomangidwa, nkhuku zonse balala!

Tsoka lake, amayi anali atauza kale abusa, ndipo Lamulungu analengeza m'tchalitchi kuti ndidzatsogolera kwaya ndi lipengalo paukwati wa mlongo wathu Esinati Loweruka likubwerali. Ndikati ndikane, amayi akuti, "Ufuna kuchititsa manyazi mkulu wako, eti?" Ndikati ndiphunzire, milomo yatupa, ndipo a Nabanda oyandikana nafe abwera kawiri kudzafunsa ngati ng'ombe yathu ikudwala.

Chonde mukafunse amene anakugulitsaniyo kuti milomo amaiika bwanji, mundiimbire lisanafike Lachisanu. Apo ayi, Esinati adzalowa m'tchalitchi ng'ombe ikulira.

Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane