Jailosi waphwanya mwala wa amako

Mwana wanga Esinati,

Ndikupatsa moni, iwe, amuna ako ndi ana kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Mpanshya onse ali bwino, koma ine ndikapuma nthiti zimabaya. Wandivulaza ndi msuweni wako Jailosi.

Kuphiri kuja ndimang'amba miyala ndinapeza muyalo wa mwala wakuda, wosalala, wotalika ngati chitseko. Ndinausungira manda a amako. Aphunzitsi amati kalekale mwalawo unali matope a pansi pa nyanja, anasanjikizana pang'onopang'ono mpaka kuuma. Ine nyanja sindinaionepo, koma mizere ya mwalawo ndimaidziwa. Ukalowetsa tchizulo pamzere mofatsa, umatseguka wokha.

Lachiwiri ndinapeza Jailosi atawotcha matayala pamwamba pake, akuthirapo madzi. Mwala unaphulika ngati mfuti, wonse zidutswazidutswa. Iye nkuseka, amvekere, "Ba malume, lole ikudikira miyala yoswa! Zanu zonyengerera mwala n'zachikale." Ndinamukhoma pakamwa ndi mpini wa nyundo, mano awiri anagwa, magazi chuchuchu. Iye anandigwetsera pamiyala yotentha nandiponda pachifuwa mpaka azimayi anabwera akukuwa.

Amake a Jailosi akuti ndikapepese. Sindipita. Amako anamulera mnyamata ameneyu.

Unditumizire matchizulo awiri olimba. Simenti usatumize, amako sadzagona pansi pa simenti. Kunsi kwa muyalo wopsawo kuli dongo lofewa, ndipo kunsi kwa dongolo kuyenera kukhala muyalo wina. Ndikumba ndekha mvula isanagwe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine atate wako,
Zakeyo